Digiri ya dizaini: kodi muli nsima m'menemo?

Mwana wa mlongo wanga walemba mayeso a Fomu 4, ndipo pamene anzake akulota za unamwino ndi za malamulo, iye wanena poyera kuti mtima wake uli pa dizaini. Mayi ake tulo tinawathawa. Loweruka lina m'mawa anatulukira kwathu kuno ku Kaliyeka, mwanayo ali pambuyo, nati: "Achimwene, mwini mbumba ndinu, ndipo imvi zanuzo zamerera m'nyumba zosindikizira mabuku. Muuzeni mwanayu zoona." Tinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Mafunso awo ndi omwewo amene ndimamva kwa anyamata ndi atsikana a ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 23, choncho ndawalemba pano monga anafunsidwira, ena ndi mayi, ena ndi mwana.

Achimwene, ntchito yakeyo kwenikweni n'chiyani? Si kujambula maluwa basi?

Ayi, achemwali. Pobwerera muyende pang'onopang'ono kuchoka pano kukafika pamsika, maso ali m'mbali. Muona mitu ya anthu yojambulidwa ndi penti pakhoma la babashopu, golosale ina yopakidwa kufiira kwa Airtel, ina kubiriwira kwa TNM, pepala la pabotolo la Sobo, chitenje cha amayi a Chigwirizano, zotsalira za mapositala a chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 pamitengo ya magetsi, ngakhalenso ndalama ya pepala imene mupereke kwa kondakitala. Pa chilichonse mwa zimenezi pali munthu amene anakhala pansi n'kusankha kuti mawu ati akule, ati achepe, mtundu uti ugone pa uti, diso la wowerenga liyambire pati.

Wojambula zithunzi zokoloweka pabalaza amatulutsa za mumtima mwake. Wa dizaini amasenza uthenga wa munthu wina kukautula kwa munthu wachitatu amene alibe nthawi. Wa kabaza akudutsa aponye diso kamodzi, adziwe kuti pano pali chigayo ndipo chimagaya ndi Lamulungu lomwe. Akapanda kudziwa, ntchitoyo yalephera, ikongole chotani.

Mukukumbuka mu 2010, boma la Bingu wa Mutharika litasintha mbendera, n'kuchotsa dzuwa lofiira lotuluka lija, kuika loyera lathunthu pakati? Anthu anakangana m'maminibasi ndi pawailesi mpaka mu 2012, pamene Nyumba ya Malamulo, m'nthawi ya Joyce Banda, inabwezeretsa mbendera ya 1964. Mkangano wonsewo unali wa kasanjidwe ka mitundu ndi chithunzi cha dzuwa. Ntchito imene ingagwedeze dziko chotero si masewera a ana.

Amalume, nanga digiri yake ndikaipeza kuti?

Yamba kuyang'ana ku Zomba. Mu 2021 University of Malawi itagawidwa, Polytechnic inasanduka MUBAS, sukulu za udotolo ndi unamwino zinakhala KUHeS, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina la University of Malawi. Mwa zigawo zake muli School of Arts, Communication and Design, ndipo luso lojambula lakhala likuphunzitsidwa ku Chirunga kuja kwa zaka zambiri. Ku MUBAS ku Blantyre kuli maphunziro oyandikana nawo, monga utolankhani, kufalitsa mauthenga a zamalonda ndi kujambula mapulani a nyumba. Ku MUST ku Thyolo kuli Bingu School of Culture and Heritage, ya zachikhalidwe.

Usakakamire dzina la kosi. Ina ikhoza kulembedwa Fine Art, ina Media, ina Communication, koma chofunika ndi zimene zili m'kati mwake. Chikalata cha NCHE choitana ofuna malo m'mayunivesite a boma chikatuluka, uchiwerenge chonse, kenaka ufufuze maphunziro a chaka ndi chaka a kosi imene yakukoka. Muli kujambula ndi manja? Muli za zilembo ndi kasanjidwe ka masamba? Makompyuta alipo, ndipo ophunzira angati amagawana imodzi? Ukafunse amene ali m'chaka chachitatu, iwowo sabisa.

Ikakhala sukulu yomwe si ya boma, usalipire ngakhale tambala usanaone ngati sukuluyo, komanso kosi yeniyeniyo, zili pamndandanda wa zovomerezeka ndi NCHE. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene kosi ina m'menemo sinavomerezedwe.

Ku Joni maphunzirowa anazika mizu kalekale. University of Johannesburg, University of Pretoria, Stellenbosch ndi Cape Peninsula University of Technology zonse zimaphunzitsa dizaini. Koma fizi yake ndi ya marandi, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, njira imeneyo inatalikira kwambiri banja ngati lathuli, pokhapokha patapezeka okulipirira.

Ndikhoze bwanji kuti anditenge? Nanga fizi?

Yunivesite ya boma imafuna makirediti 6 a MSCE, Chingerezi chili momwemo. Kumeneko n'kungoima pamzere, chifukwa malo ndi ochepa ndipo wa mapointi otsika ndiye amatsogola. Pa fizi, kuyambira 2015 pali bungwe la HESLGB lobwereketsa ndalama ophunzira osowa. Ndi ngongole, udzabweza ukamaliza maphunziro. Uwerengeretunso kuti kosi ya zojambula imadya ndalama zina zapadera: mapepala, penti, kusindikiza ntchito zoti aphunzitsi aone.

Mapointi akapanda kukwana, dziko silinathe. Pali makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, pali madipuloma, ndipo mayunivesite amalandiranso akuluakulu amene anayamba ndi dipuloma n'kugwirako ntchito zaka zingapo.

Koma achimwene, mnyamata wa pafupi ndi msika uja amapanga makadi a ukwati pafoni, sukulu anasiyira Fomu 2. Zaka zinayi za ku yunivesite n'zachiyani?

Funso limeneli ndi lolemera kuposa onse, ndipo sindilizemba. Ambiri mwa akatswiri amene ndagwira nawo ntchito alibe digiri. Anaphunzira ataima kumbuyo kwa mpando wa wina, kuonerera, kutumidwa, kulakwitsa, kukalipiridwa. Kasitomala akalowa safunsa pepala la sukulu. Amati, "Tandionetsani zimene munapangapo."

Tsono chachikulu chimene ndachiona mwa ana ochokera ku yunivesite n'chakuti anazolowera kudzudzulidwa. Kumeneko ntchito yako amaikhoma pakhoma, kalasi yonse n'kuizungulira, mphunzitsi n'kufunsa chifukwa chimene wasankhira chikasu. Ukati chimakusangalatsa, akubweza. Uyenera kunena kuti uthengawu ukupita kwa yani, adzauwerengera pati, ali patali bwanji, kuli dzuwa kapena mdima. Zaka zinayi za mafunso otero zimasula munthu. Mnyamata wa pafoni uja amatenga chikombole chopangidwa kale mu Canva n'kusintha maina ndi tsiku. Ndimamulemekeza, akudya thukuta lake, ndipo akuthandiza anthu amene sangakwanitse mitengo ya m'tauni. Koma mum'patse buku la masamba 200, kapena kampani ya mkaka imene ikufuna chizindikiro choti chioneke bwino pagalimoto, pakapu ndi pakachidindo kakang'ono, mutu umuima, chifukwa palibe anamufunsapo mafunso aja.

Kwinaku n'kwa pepala lenilenilo. Mabungwe a ku City Centre, mabanki ndi maofesi a boma akalengeza ntchito, kawirikawiri amalemba digiri pamzere woyamba, ndipo kalata ya wopanda digiri siifika n'komwe kwa munthu amene akanaona luso lake. Zimandiwawa, chifukwa ndikudziwa manja abwino amene atsekeredwa kunja motero, koma ndi mmene zilili. Digiri imatsegulanso njira ya maphunziro apamwamba. Saki Mafundikwa wa ku Zimbabwe anaphunzira ku Yale ku America, anagwira ntchito ku New York, n'kubwerera kwawo kukatsegula sukulu ya dizaini ya ZIVA ku Harare mu 1999. Buku lake la 2004, Afrikan Alphabets, limasonkhanitsa zilembo zimene anthu a mu Africa anapanga okha.

Chimene digiri siipatsa ndi liwiro la m'nyumba yosindikizira. Ndalandirapo omaliza maphunziro odziwa mbiri yonse ya luso koma osadziwa kukonza fayilo kuti makina ailandire. Ndiye iwe mwana, tchuthi chilichonse uzikapempha malo kwa osindikiza, ngakhale akupatse yopinda mapepala ndi kumenya sitepula.

Amalume, m'kalasimo amaphunzitsa Photoshop?

Amaphunzitsa, koma Photoshop ungaidziwe pa YouTube m'miyezi yochepa. Chimene chimatenga zaka ndi zilembo. Zilembo zili ndi makhalidwe ngati anthu. Zina n'zaulemu, zoyenera pa pulogalamu ya maliro, zina n'zaphokoso, za papositala ya dansi. Uphunzira mpata wa pakati pa chilembo ndi chinzake, pakati pa mzere ndi mzere, ndi kulimba mtima kosiya malo opanda kanthu pamene kasitomala akufuna udzaze paliponse poti walipira pepala lonse.

Apa mpamene ndikufuna utchere khutu, chifukwa mabuku a kunja sadzakuuza. Chichewa chili ndi zofuna zakezake. Mawu athu ndi aatali. Chimene Chingerezi chimanena ndi timawu tingapo tatifupi, ife timachimanga m'liwu limodzi ngati "sindidzakuiwalani". Positala ikakonzedwa m'Chingerezi, Chichewa n'kubwera pomaliza ngati mlendo wosaitanidwa, amachifinya m'kabokosi ndi tizilembo tosaoneka, kapena kudula liwu pamene sipoyenera. Kachizindikiro ka m'mwamba kaja kakasowa, ng'oma yoimba imasanduka ngoma, gule wa Angoni. Palinso ŵ wa kadenga, uja timamuona mu Malaŵi m'mabuku ena. Mafonti ambiri okongoletsa alibe chilembo chimenechi, ndipo chimatuluka ngati kabokosi kopanda kanthu. Usanasankhe fonti, uiyese ndi mawu athu.

Ganiza za kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre kuchedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Positala ya pa kiyosiki ya madzi inayenera kuuza agogo amene sanapite patali ndi sukulu kasungunulidwe ka Thanzi ORS, mwina ndi zithunzi zokha. Chithunzi cha chikho chikakhala cha mtundu umene m'makomo mwathu mulibe, muyeso wa madzi walakwika, ndipo pamenepo pali moyo wa mwana. Amene amaganiza m'Chichewa kuyambira pachiyambi, amene amadziwa ndowa ndi zikho za ku Mgona ndi ku Chinsapo, ali ndi chuma chimene katswiri wa ku Johannesburg alibe. Ichi ndicho ndikufuna upite nacho ku sukulu n'kubwera nacho chitakula.

Ndipo tili ndi potengera. Nolence Mwangwego anayamba mu 1979 kupanga zilembo zakezake zolembera ziyankhulo za m'Malawi, n'kuzionetsa poyera mu 1997. Ku Mua kuli Kungoni, malo a luso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Ku Chongoni ku Dedza kuli zojambula pamiyala za makolo, zimene UNESCO inaziika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Dedza si patali, upiteko ndi kope. Koma za gule wamkulu usamazitole ngati nkhuni za m'tchire n'kuziika pamalonda aliwonse. Zili ndi eni ake, ndipo amayenera kufunsidwa.

Laputopu tilibe, achimwene. Ayambira pati?

Asadikire laputopu. Pensulo ndi kope la masamba oyera n'zokwanira kuyambira, tsiku lililonse ajambule chimene chili patsogolo pake, mbaula, njinga, dzanja lake lomwe. Pa Kaliyeka pompano pali akatswiri olemba zikwangwani ndi burashi, amene amayeza mpata wa zilembo ndi diso lokha, mzere n'kuongoka ngati wa makina. Akapemphe mmodzi kuti amunyamulire chitini cha penti kwa mwezi. Zimene aphunzire kumeneko adzazipezanso m'chaka choyamba ku yunivesite zitavala maina a Chingerezi.

Ndalama ikadzapezeka, laputopu yogwiritsidwapo kale ndi yabwino, bola RAM yake isachepere 8 GB ndipo batire likhale lamoyo, poti magetsi athu mukuwadziwa. Adobe inasiya kugulitsa mapulogalamu ake kamodzi n'kamodzi mu 2013, tsopano umalipira mwezi ndi mwezi ndi ndalama zakunja. Koma Inkscape, GIMP, Krita ndi Scribus n'zaulere ndipo zimagwira ntchito yeniyeni. CorelDRAW aidziwenso, chifukwa osindikiza ambiri m'tauni muno ndi imene amagwiritsa. Mapulogalamu akuba oyenda pa fulashi amabwera ndi mavairasi, tsiku lina amadya ntchito ya kasitomala usiku woti mawa aitenge. Mu Lilongwe muno mulinso mHub, imene Rachel Sibande anayambitsa kuti achinyamata a zamakono azikumanirako, komanso laibulale ya National Library Service.

Amalume, portfolio imene amanenayi n'chiyani?

Ndi nkhokwe ya ntchito zako zabwino, yoonetsa amene akufuna kukulemba ntchito. Mayunivesite a ku Joni aja amaifuna usanalowe n'komwe. Ntchito 10 kapena 12 zakupsa zimaposa 50 zosapsa. Usaidzaze ndi zizindikiro za makampani a m'maloto. Pita kwa kwaya ya kutchalitchi kwanu, kwa timu ya ntchemberembaye ya m'dera muno, kwa mayi wa saluni amene chikwangwani chake chinafufutika ndi mvula. Pa ntchito iliyonse uonetse vuto limene linalipo, zoyesa zako za pensulo, ndi chithunzi cha chomaliza chili pamalo pake, anthu akudutsa. Uisunge mu PDF yopepuka yoti itumizike ndi bandulo yochepa, ina uike pa Behance.

Inuyo cholakwa chimene simuchiiwala n'chiti?

Ndili mnyamata, banja lina linabwera madzulo kudzafuna mapulogalamu a maliro a bambo awo, thupi linyamuka m'mawa kupita kumudzi. Ndinagwira mothamanga, zinakongola, tinasindikiza usiku womwewo. Kutacha, mwana wamkazi wa malemu anatenga limodzi, analiyang'ana nthawi yaitali, misozi n'kuyamba kutsika. Ndinali nditasinthanitsa zilembo ziwiri m'dzina la bambo ake. Sanakalipe. Anangoti, "Si dzina lawo ili." Nthawi yobwereza panalibe, galimoto inali italira kale panja. Mpaka lero sinditumiza kanthu ku makina mwini wake asanawerenge liwu lililonse n'kusaina.

Zolakwa zina n'za umisiri, ndipo zimapeweka. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, m'njira ya RGB, pamene makina osindikiza amasakaniza inki zinayi za CMYK. N'chifukwa chake buluu wowala wa pafoni amatuluka wakuda papepala, mkwatibwi n'kukhumudwa. Sindikiza limodzi loyesera, alione. Chithunzi chosindikiza chimafuna 300 dpi, ndipo chimene chatumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimakhala chitafinyidwa, ndiye upemphe akutumizire ngati document. M'mbali monse uonjezere mamilimita 3, amene osindikiza amawatcha bleed, kuti mpeni ukadula pasatsale kamzere koyera. Logo uipange ya vector, kuti ikule kuchoka pakhadi kufika pachikwangwani cha pamsewu osasweka.

Tinene za nsima tsopano, achimwene. Ntchito zake zili kuti?

Zilipo m'nyuzipepala, ku Nation Publications ndi ku Times Group, kumene masamba amasanjidwa tsiku lililonse. Zilipo kwa osindikiza monga Likuni Press kuno ndi Montfort Media ku Balaka, ku Mapeto David Whitehead ku Blantyre kumene amadinda zitenje, kumakampani otsatsa malonda, kumabanki, kumawailesi a kanema ndi kumabungwe. Opanga uchi, chiponde ndi ufa wa phala amene akufuna katundu wawo alowe m'masitolo akuluakulu amasowa munthu wodziwa kukonza pepala lokopa, lokhalanso ndi zonse zimene a Malawi Bureau of Standards amafuna. Kwatsegukanso khomo lina la kukonza maonekedwe a mapulogalamu a pafoni, kumene amagwiritsa Figma.

Koma sindikunamizani, mipando ya malipiro a pamwezi ndi yochepa, ndipo ambiri amadzilemba okha ntchito. Pamenepo luso lokha silikwana. Atenge theka la ndalama asanayambe, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo mgwirizano ulembedwe, ngakhale mu uthenga wa pafoni: mtengo, tsiku lomaliza, ndi kuti kusintha n'kawiri, kachitatu n'kolipira. Akakula alembetse bizinesi, atenge nambala ya msonkho ku MRA, chifukwa mabungwe salipira munthu wopanda mapepala. Adzabwera ena onena kuti "tipangire ulere, utchuka". Akane mwaulemu. Ife abale ake ndife tiyenera kuyamba kumulipira, ngakhale pang'ono, kuti azolowere kutchula mtengo osagwetsa nkhope.

Adziwenso kuti lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza zojambula, ndipo COSOMA, imene inakhazikitsidwa mu 1992, si ya oimba okha. Lamulo lomwelo limamuletsa iyenso kutola chithunzi cha wina pa Google n'kuchigulitsa ngati chake.

Amalume, anzanga akuti AI ithetsa ntchito imeneyi. N'zoona?

Ntchito zina zotchipa zichepadi, chifukwa makinawa amatulutsa chithunzi m'kanthawi kochepa. Uphunzire kuwagwiritsa, usawaope. Koma uwauze ajambule msika wa ku Lilongwe, kawirikawiri amakupatsa msika wa dziko lina, zovala zosakhala zathu, mawu a pazikwangwani osawerengeka. Pamafunikabe munthu woona kuti apa palakwika, wokhala ndi kasitomala n'kumva chimene akulephera kunena, ndi woimirira pa makina mpaka ntchito ituluke bwino.

Ndiye timulole?

Ndinati timulole, achemwali, koma ayambe sabata ino. Inu mumagulitsa chiponde m'mabotolo opanda dzina. Loweruka likudzali abwere ndi mapepala atatu osiyana a pabotolo, olembedwa m'Chichewa, ojambulidwa ndi manja ngati kompyuta sinapezeke. Tikawamate, tikaike mabotolowo pabenchi lanu, ine ndi iye tikakhale chapatali pamthunzi ndi kope, tizikalemba botolo limene dzanja la wogula aliyense likuyamba kugwira.